A Kenan Mwangosi ndi Ulendo Wawo wa ku Kilwa

Malemu a Kenan Mwangosi anabadwa m'chaka cha 1921 ku Kaporo, konkuno ku Karonga. Bambo awo anali Mkhristu, koma mayi awo, a Mwanaisha, anali Msilamu wochokera ku Kilwa m'dziko la Tanzania. Sukulu anaphunzira ku Khondowe, kumene anatengakonso luso la ukalipentala. Mu 1946 anamanga banja ndi mayi Yunike, ndipo patapita zaka anadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo.

Mu 1974 mayi awo, ali pafupi kutsirizika, anawapempha kuti akawaonere mzikiti wakale wamiyala ku Kilwa, ndiponso manda a shehe amene anawaphunzitsa kuswali, kumene Asilamu amapitako kukapemphera. Maliro atatha, malemu ananyamuka osatsanzika ambiri. Anakafika, navula nsapato, naima pamene mayi awo ankaima ali mtsikana. Pobwerera anadzeranso pa misikiti ya ku Bagamoyo.

Kuno anapeza anthu atasintha nkhope. Ena ankanong'onezana kuti anakakumana ndi zigawenga zothawa m'dziko muno. Kumpingo ena anati alowa Chisilamu, ndipo anawachotsa pa udindo wa mkulu wa mpingo. Akapereka moni, anzawo ankayankha akuyang'ana kumbali. Tsiku lina galimoto inaima pamene ankapala matabwa, ndipo inawatenga kukawatsekera.

Anabwerako mu 1977, miyendo itatupa, akutsokomola. Za kumeneko sananenepo kanthu. Sabata lililonse ankalowa m'tchalitchi ndi kukhala kumbuyo, pa benchi lokhoma okha. Ife abale tikawafunsa amene anakawanenera, ankangoti, “Lekani, bakwithu. Munthuyo timadya naye mbale imodzi.” Sitikuloza munthu chala, ndipo boma sitikulinena. Tikungoti dzinalo apita nalo, mwini wake yekha ndiye akudzidziwa, kaya wakhala kutali kaya wagwira nawo bokosili.

Chifuwacho chinakula chaka chino cha 1982, ndipo Lachiwiri m'mawa anatisiya ali kunyumba kwawo.

Asiya mkazi wawo mayi Yunike, mng'ono wawo a Manase, ana atatu ali panowa, Lyson, Towera ndi Bertha, komanso adzukulu asanu ndi awiri. Asiyanso mwana wawo woyamba, Reginald, amene anawoloka mtsinje wa Songwe kulowa m'Tanzania chaka chimene bambo ake anatengedwa. Sitikudziwa ngati uthenga wa malirowa wamupeza.

Kumene apitako safunsa munthu kuti unakatani. Mzimu wawo upumule mu mtendere.