Tsiku limene Nélida Ojeda anakhala pampando

Olemekezeka a Meya a tauni ino ya San Cosme, Bambo Aurelio Benítez. Bambo Mfumu a parishi yathu. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ya chigawo chino. Amisiri amene mwapsa ndi dzuwa pantchitoyi. Amayi ndi abambo a tsidya lino ndi a tsidya ilo, ndakulonjerani nonse.

Ndikuthokoza kuti mwakumbukira nkhalamba yopuma ngati ine, Fermín Aguirre, kuti idzatsegule mlatho uno. A Meya andinong'oneza kuti dzina lina ndisalitchule lero. Pepani bwana, pamsinkhu wangawu pakamwa sipamvanso malangizo.

Achinyamata, mverani. M'Nyumba ya Malamulo zokambirana siziyamba mpaka aphungu okwanira atakhala pamipando yawo, choncho ofuna kupha bilu amangoima kunja, kuseri kwa katani. Chaka chimenecho boma linabweretsa bilu yolola alimi akuluakulu a soya kugwetsa nkhalango yathu, koma linkaperewera phungu mmodzi yekha kuti zokambirana ziyambe. Ife otsutsa tinali kuseri kwa kataniko, tikumwa tiyi wathu uja wotchedwa mate, tikupatsirana chikho chimodzi, tikuseka.

Kenaka phungu wanu, Mayi Nélida Ojeda, anandipatsira chikho n'kugwira katani.

"Néli, kuchimbudzi si uko," ndinatero, ndikuyesa zocheza.

"Andilonjeza mlatho, Fermín."

"Akupusitsa, mnzanga. Nanga nkhalango?"

"Iwe umagona mumzinda. Ine ndatopa kuika m'manda amayi oyembekezera ofera pagombe, akudikira kuti madzi aphwe."

Analowa, nakhala pansi, belu n'kulira. Povota anaikana biluyo, koma kukhala kwawoko kunali kutakwanira kale, ndipo inadutsa.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Nkhalango inatha, ndipo madzi amene kale ankathera kudambo lero amalowa m'zipinda zanu zogona. Chipani chinawachotsa, inu munawakana pachisankho, ena munakalemba pakhoma la nyumba yawo kuti "wogulidwa". Koma chimene chinkawapweteka koposa, anandiuza okha, n'chakuti akakhala pagulu chikho cha mate chinkazungulira n'kuwadumpha, ngakhale pamaliro a mchemwali wawo. Mlathowo boma linauiwala zaka zambirimbiri. Mayi amene anayamba ngati mphunzitsi wa ana anu, nakuyankhulirani mumzinda pamene panalibe wokuyankhulirani, anakalamba akusoka zovala za anthu pakhonde.

Musandifunse ngati anachita bwino. Sindikudziwa. Ndimawakwiyirabe, ndiponso ndimawamvera chisoni chachikulu.

Mayi Ojeda amwalira dzana kuchipatala cha mumzinda. Galimoto yoyera mukuiona kumbuyo kwa oimba malipengayo yanyamula thupi lawo. Ana awo akufuna kukawaika kwawo, tsidya ilo, koma apolisi awauza kuti adikire mpaka ife akuluakulu titawoloka ndi kujambulidwa zithunzi.

Ine sindiwoloka patsogolo pawo. A Meya, lamulani kuti magalimoto athu achoke mumsewu. Oimba, tsitsani malipenga. Inu amene simunawakhululukire, sindikukukakamizani kuvula chipewa, ingopatukani.

Tsopano, mwa udindo umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti mlatho wa San Cosme watsegulidwa.

Néli, ndi uwu. Woloka.

Zikomo kwambiri.