Ndinatsika Sitima Ndekha

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine Nachisale wa ku Chitawira. Mawu akandithera panjira, mundidikire.

Boma la Chitaganya litangoyamba, ndinakwatiwa ndi a Filipo, kalaliki wa kunjanji ku Limbe. Munthu wanthabwala ameneyo! Ukwati utatha anati, "Azungu akakwatira amapita kokayenda. Ife tilibe miyendo? Tiyeni ku Beira, mukaone nyanja yamchere."

Tinaiona nyanjayo. Masanasana dzuwa likuswa mtengo, tikuyenda pamchenga, amuna awiri anawagwira pamkono kufuna wotchi. Iwo anakaniza. Mpeni, abale! Mpeni! Anafera pamiyendo pangapa, ine ndikukuwa m'Chinyanja, anthu akundiyankha m'Chipwitikizi. Anaikidwa konko, wachibale pamanda ndili ndekha.

Uthenga sunafike kuno. Sitima italowa mu Limbe ndinapeza mtundu wonse pasiteshoni, nthungululu, nyimbo zaukwati. Ndinatsika ndekha. Apongozi anga, amayi a Filipo, anasuzumira kumbuyo kwanga. "Nanga mwana wanga?"

Ndinawauza. Anakana. "Maliro anji opanda mtembo? Wamugulitsa iwe!" Anakana kulira, anakana kumeta, anakana kundisudzula. Sindinali mkazi wa munthu, sindinali wamasiye. Mumsika wa Limbe anthu ankandiloza ndi milomo. Ndinasiya kupemphera. Mulungu ndinamukwiyira, ndikunena poyera, ndinamukwiyira!

Koma amayi a mumpingo uno, makani! Ine kuwatsekera chitseko, iwo kuimba pakhonde. Akachoka kwanga ankapita kwa apongozi. Tsiku lina m'mawa ndinamva odi. Apongozi, ataonda ngati ine ndemwe.

"Pamene wagona mwana wanga mukupadziwa ndinu nokha. Ndiperekezeni."

Sitima imeneyo ndinali nditalumbira kuti sindidzakweranso. Koma ndinakwera. Pamanda anagwada, nafumbata dothi, nalira kulira konse kumene anakusunga. Atatha anandigwira dzanja.

"Munamuika nokha, mwana wamng'ono chonchi? Ndikhululukireni."

Titabwerera anandimeta ndi manja awo.

Abale, sindikunamizani, chilonda chikadalipo. Anthu anapha aja sanagwidwe, ndipo ndikamva sitima ikulira mtima umadumpha. Koma tulo ndimagona, kupemphera ndinayambanso, ndimasoka madiresi pakhonde. Zikomo Yesu, zikomo! Anandisudzula, eya, koma ine sindinawasiye. Ndimawaphikira, amandilalatira za mchere, timakhala. Ndi awo akhala kutsogoloko. Amayi, taimirirani, akuoneni. Ameni.