Maginito anagwa pa madigadi akumanzere

Ine, Zorka Vranić, wazaka 24, wa m'mudzi wa Donja Lipnica, wogulitsa m'sitolo ya penti wa magalimoto, ndikupereka umboni uwu kupolisi pa nkhani ya a Budimir Šarac, kum wa banja lathu, amene anandinyamula pa ubatizo ndi kundipatsa dzina. Iwowa anandilakwira, ngakhale kuti si mlandu umene ndinawaimbira apolisi.

Bambo anga, malemu Vukašin Vranić, anali mmisiri wowongola magalimoto. Anamwalira mu 2019 n'kundisiyira galimoto ya Zastava 750 ya buluu, ija timaitcha Fića. Aliyense kwathu amadziwa kuti bambo sankakhudza fila, phala lija amamata pabowo kuti lisaoneke. Ankati womata fila akapake pulasitala m'nyumba, asamadzitche mmisiri.

Pa 9 Malichi chaka chino ndinagunda mzati wa geti lathu ndikubwerera m'mbuyo, chitseko chakumanja n'kupindika. Pa 11 ndinakaisiya galimotoyo kugalaja ya a Budimir, mamita 400 kuchokera kwathu. Inakhala kumeneko milungu itatu. Tsiku loitenga ndinawauza kuti ndailembetsa kuchionetsero cha magalimoto akale. Anati: "Usapite nayo kumeneko, mwanawe. Uziyendera kutchalitchi ndi kumsika basi."

Ndinati: "A kum, mukuopa kuti yanu ija iwoneka ngati ndowa ikaima pafupi ndi yanga?" Nawonso ali ndi Fića, yofiira. Anapukuta manja n'kulowa mkati.

Lamlungu pa 12 Meyi ndinafika pabwalo la mpira la ku Gornja Lipnica, makilomita 6 kuchokera kwathu, nthawi ili 8:40 m'mawa. Panali magalimoto 31. Ndinaika katoni pagalasi lakutsogolo, pomwe ndinalemba ndi penti wakuda kuti: LATA LOKHALOKHA, NYUNDO YA VUKAŠIN VRANIĆ, FILA MULIBE. Cha m'ma 9 koloko a Budimir anaimika yawo mamita 20 kuchokera pa yanga. Anabwera, anawerenga katoniyo mpaka kumapeto, nati: "Umalemba bwino." Kenako anapita kukagula khofi.

Nthawi ili 10:50 anafika a Ostoja Bukumira, woweruza wa chionetserocho. Monga amachitira chaka chilichonse, anakulunga maginito m'kampango kuti asakale penti, n'kuyamba kuwayendetsa pagalimoto. Pa lata maginito amakakamira, pa fila amagwa. Pomwepo panali anthu pafupifupi 40. Denga linagwira. Zitseko zonse ziwiri zinagwira. Pa madigadi akumanzere, kuseri kwa nyali, maginito anagwera muudzu. A Ostoja anatola, anayesanso, anagwanso. Bambo wina amene sindikumudziwa anati: "Nyundo ya Vukašin inali ya ufa." Anthu anaseka.

Ndinayang'ana galimoto ya a Budimir. Madigadi ake akumanzere anali atsopano, owala kuposa mbali zina, ndipo mu Febuluwale anali adzimbiri. Ndinapita pomwe anaima, atanyamula kapu. Ndinanena mokweza kuti anachotsa madigadi a bambo anga galimoto ili kugalaja kwawo, anawapaka penti wofiira, ine n'kundiikira zinyalala. Ndinawatcha mbava. Ndinatinso: "Munadya pamaliro a bambo anga mukuyeza galimoto yawo ndi maso." Mawu amenewa ndinawanena kawiri, chifukwa nyimbo zinali pamwamba ndipo ndinkafuna kuti akumbuyo amve.

Iwo anati: "Zorka, tiye tikakambire kunyumba."

Ndinati: "Mbava imakonda kukambira kunyumba."

Nthawi ili 11:05 ndinaimba foni kupolisi n'kunena kuti andibera. Ndinatenga sikuludiraiva m'galimoto mwanga, ndinauza anthu kuti pansi pa penti wofiirayo aona wa buluu, ndipo ndinakala madigadi a a Budimir kuchokera panyali mpaka pafupi ndi chitseko, masentimita ngati 40. Pansi pake panali penti wotuwa woyambira, kenako lata latsopano. Wa buluu panalibe. A Budimir sanandigwire dzanja kuti andiletse.

Ndinabwerera pa yanga ndi kuyamba kukumba pamene maginito anagwera, kuti ndionetse anthu zimene anandimatira. Fila anali wochindikala ngati chala chachikulu. Kuseri kwake kunali waya wa khola la nkhuku, ndipo kuseri kwa wayayo kunali nyuzipepala yopindapinda, yotsekera bowo lalikulu ngati chikhatho. Ndinaisolola n'kuwapatsa a Ostoja. Ndinati: "Werengani deti mokweza, a Ostoja, anthu amve kuti ndi ya Malichi."

Anaifunyulula. Sanawerenge. Ndinawauzanso kuti awerenge. Anati: "14 Okutobala 2009."

Ndinailanda. Linali tsamba la masewera odzaza mawu m'timabokosi, lodzazidwa theka ndi pensulo yaukalipentala. Bambo anga ankalemba R wamwendo wautali wotulukira kunja kwa kabokosi. Patsambalo ndinawerenga ma R oterowo asanu.

Palibe anaseka. Wina anazimitsa nyimbo. A Budimir anabwera pafupi n'kulankhula motsitsa, koma a Ostoja anamva. Anati: "Chaka chimenecho dzanja la bambo ako linali litayamba kunjenjemera. Nyundo inkamupulumuka. Waya uyo ndinamugwirira ndine, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu."

Ndinati: "Ndiye munandisiya ndiike katoni?"

Anati: "Ndinakuuza kuti usabwere nayo."

Ndinati: "Kumeneko si kuuza munthu, a kum. Nkhuku yomwe mumaiuza zomveka kuposa pamenepo."

Anati: "Pakamwapo ndi pa bambo ako ndithu."

Ndinachotsa katoni n'kuiika pansi pa mpando. Ndinakhala m'galimoto, magalasi otseka, mpaka apolisi awiri anafika nthawi ili 11:40. Anthu anali asanabalalike. Nyuzipepala ndi sikuludiraiva ndinazipereka kwa wapolisi wamkazi. Wapolisi winayo anayeza mkalo wa pagalimoto yofiira n'kufunsa mwini wake amene anachita zimenezo. Ndinali pamtunda wa mamita atatu ndipo ndinamva yankho lawo. Anati: "Ndi geti langa, bwana. Ndinakhula dzulo potuluka. Ukalamba."

Dandaulo langa la kuba ndikulichotsa. A Budimir Šarac sanandibere kanthu. Madigadi a pagalimoto yawo ndi awo, ndipo fila wa pa yanga anamata ndi bambo anga.

Koma za geti zija n'zabodza, musazilembe. Geti lawo limatsekukira kumanja, ndipo anthu 40 anandiona nditagwira sikuludiraiva. Amene anakala galimotoyo ndine, ndinachita dala, ndipo ngati pali mlandu wowononga katundu ubwere m'dzina langa. A Budimir anasungira bambo anga chinsinsi zaka 15, mapeto ake ndi amenewa. Ine asandisungire changa. Mwandifunsa ngati ndingakumane nawo pano kuti tigwirane chanza. Ayi. Madigadi awo ndikonzetsa kwa mmisiri wina, ndipo wokawabwezera makiyi adzakhala amayi anga.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Mwandiwerengera ndipo ndi mmene ndanenera. Khoti likandiitana ndidzangoti zili papepalapo n'zoona. Kupatula apo, nkhani imeneyi sindidzaikambanso ndi munthu.

Wopereka umboni: Zorka Vranić ______________________