Funso la Malita

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaimirira kuti ndichitire umboni. Ndiwerenga papepala, mundikhululukire. Chigwereni kumunda kuja lilime limandilemera, ndipo ndikayankhula za m'mutu ndimasochera.

Umboni wanga ndi waung'ono. Ena akaima pano amanena za kuchira, za mwana wotayika amene wapezeka. Ine ndabwera kudzanena kuti ndayambanso kumwa mankhwala. Ndi zomwezo basi. Koma mundilole ndiyambe kumayambiriro.

Ambiri mukudziwa kuti ndinabwera kuno ku Pembamoyo pothawa nkhondo ku Mozambiki. Tinanyamuka awiri, ine ndi mng'ono wanga. Kuno ndinafika ndekha. Akulu ena pano nkhaniyo mukuidziwa, sindiibwereza. Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitayamba kale, kusukulu ya akuluakulu, ndipo amene ankandigwira dzanja polemba anali mwana wanga Malita, akadali kamtsikana.

Malita anaphunzira za makompyuta, anapeza ntchito ku Lusaka, n'kukwatiwa ndi a Mwale. Atabwera kudzacheza chaka china anamva kwaya ikuimba nyimbo zija tinabwera nazo kuchokera kutsidya. Anandifunsa kuti zinalembedwa pati. Ndinati palibe, zili m'mitu mwa ife okalamba. Ulendo wotsatira anabwera ndi laputopu yakale ndi kasola kakang'ono, n'kunena kuti ntchito yanga yapezeka.

Anaikamo chinthu chotchedwa Giti. Anandifotokozera kuti chimasunga zonse zimene ndalemba, ndipo chimakumbukira ndi zimene ndasintha, moti ndikalakwitsa zakale zimabwezeka. Ndikamaliza nyimbo ndinkalemba mzere umodzi woti isungidwe, ndi wina woti itumizidwe. Iye ku Lusaka ankawerenga n'kukonza pamene ndaphonya. Tinkagwira choncho, iye uko, ine kuno.

Nthawi yomweyo akukiliniki anandipeza ndi bipi, kuthamanga kwa magazi kuja. Anandipatsa mapiritsi oti ndizimwa m'mawa uliwonse. Ndinkaiwala. Malita akaimba foni ndinkati ndamwa. Atabwera nthawi yokumba nshawa anapeza kapaketi kali pawindo kodzaza. Sanandikalipire. Anangotenga laputopu, kukakhala nayo pakhonde kanthawi, n'kuibweza pamalo pake.

Iye atapita ndinalemba nyimbo. Ndikuti ndisunge, pagalasi panatuluka mawu: "Atate, mwamwa mankhwala?"

Ndinalemba kuti ayi, kuti ndione chichitike n'chiyani. Kompyuta inakana kusunga. Inati: "Kamweni kaye. Nyimbo idikira."

Ndinamuimbira foni. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati kameneko amakatcha huku, kalamulo kakang'ono kamene munthu amakaika m'foda yobisika ya Giti, ndipo kamadzuka kokha pamene ukufuna kusunga ntchito. Abale, kompyuta siona pakamwa pa munthu. Ndikanatha kuinamiza monga ndinkachitira pafoni. Koma mawu atalembedwa pamaso panga, ndi liwu lake lija loti atate, dzanja linkakana. Ndinkadzuka, kukatunga madzi, kumwa, n'kubwera kudzalemba inde.

Malita anadwala masiku ochepa m'dzinja la chaka chatha, n'kutisiya. Maliro munabwera, munaimba, munatigonera. Ena munaona kuti sindinalire. Simunaone molakwa, sindinalire. Anthu atabalalika ndinatsegula laputopu, ndinalemba nyimbo, ndipo funso linabwera monga mwa masiku onse. Ndinkadziwa kuti mwana wanga ali kumanda. Sindinapenge ayi. Koma m'mawa uliwonse panali wondifunsa, ndipo ine ndinkayankha.

Kenako laputopu ija inayamba kutopa. Pagalasi pankadutsa mizere, nthawi zina inkangozima. Apongozi anga a Mwale atabwera kudzaona manda anaitenga, ndipo patapita milungu ananditumizira yatsopano. Anati nyimbo zonse azikokera mmenemo kuchokera kumene tinkazitumiza, palibe yasowa. Yakale ija anaifufuta n'kuipereka kwa okonza makompyuta. Anachita bwino, anachita zimene mwana wabwino amachita.

Ndinatsegula. Nyimbo zinalimodi zonse. Ndinalemba ina, ndinati isungidwe. Inasungidwa. Sinafunse kanthu. Ndinasintha liwu limodzi n'kusunganso. Inasungidwanso, mwachangu, mwaulemu, osafunsa kanthu.

Sindinawaimbire a Mwale. Inu mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi. Tikakumana wina amakhala uko, wina uku, aliyense akuyang'ana kwake. Ndikanayamba bwanji? Kuti mwandigulira chinthu chatsopano, koma ine ndikufuna chakufa chija?

Sindinaganize zoleka mankhwala. Ndikufuna mumve bwino pamenepa. Palibe tsiku limene ndinakhala pansi n'kunena kuti basi, ndatopa ndi moyo. Kungoti panalibe wofunsa. Kapaketi kanabwerera pawindo. Kulemba nyimbo nakonso ndinaleka. Pa Sondo ndinkabwera, ndinkakhala pabenchi yanga apo. Mukaimirira ndinkaimirira, mukakhala ndinkakhala. Mulungu sindinamukwiyire. Sindinkamva chilichonse, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Umaugwira, umaona kuti ndi wako, koma sukuumva.

Ndinagwa m'munda wa nshawa. Amayi awiri ochokera kudimba ndiwo anandipeza, ali muno, adzidziwa okha. Anthu anandinyamula pangolo mpaka kukiliniki, ndipo akukiliniki ananditumiza kuchipatala ku boma. Anesi atandifunsa kuti mapiritsi ndinamwa liti komaliza, ndinati sindikudziwa. Zinali zoona.

A Mwale anafika pa minibasi yochokera ku Chipata, fumbi lili m'tsitsi. Anakhala pampando kumiyendo kwa bedi, atayang'ana kukhomo. Titalonjerana anafunsa, mawu ali pansi, kuti chinachitika n'chiyani kuti ndileke mankhwala.

Ndinati, "Kompyuta yatsopano ija siifunsa."

Sanamvetse. Ndinawafotokozera, pang'onopang'ono chifukwa cha lilime. Ndinawauza mawu ake onse, ndi aja akuti nyimbo idikira. Kenako anandiuza kuti ukakokera ntchito m'kompyuta ina zonse zimabwera, koma huku simabwera. Imatsala m'makina momwe inalembedwa. Anati opanga Giti anazipanga dala choncho, kuti munthu asakutumizire lamulo loti lizigwira ntchito m'kompyuta yako iwe osadziwa. Foda yobisikayo iwo sanaitsegule. Malita sanawauzepo.

"Ndiye kuti ndinafufuta ndi dzanja langa, apongozi," anatero.

Apo ndinaphwanya mwambo, ndinawayang'ana kumaso. Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndakhala nayo chiwolokereni malire. Ndi nkhope ya munthu amene wafika bwino, katundu yense ali m'manja, kenako n'kucheuka.

Ndinati, "Simunataye, apongozi. Chinatsala."

Sindikudziwa ngati ndinkauza iwo okha.

Nditatuluka m'chipatala a Mwale anandiperekeza kunyumba, anagona kwa achimwene a malemu mayi ake a Malita. M'mawa anabwera n'kunena kuti atha kulembanso kalamulo kaja, n'kosavuta. Ndinati ayi, mundionetse, dzanja likhale langa. Tinakhala pakhonde. Laputopu siilola kuti anthu akhale motalikirana, ndiye tinakhala mpando umodzi, mapewa kugundana, koyamba chikwatireni iwo mwana wanga.

Anandionetsa foda ija. Dzina lake limayamba ndi kadontho, n'chifukwa chake siioneka wamba. M'kati mwake muli foda ina, ya mahuku okhaokha, ndipo munali kale zitsanzo zimene zimangokhala, sizichita kanthu. Anati titsegule fayilo yatsopano, tiipatse dzina lenileni limene Giti imalifuna isanasunge ntchito, osaphonya ngakhale chilembo. Iwo ankatchula zizindikiro, ine ndinkazifunafuna ndi chala chimodzi, poti dzanja lamanzere silinabwerere bwino. Titafika pa mawu a funso anasiya kutchula. Amenewo ndinalemba ndekha.

Tinayesa kusunga. Inasungidwa, osafunsa kanthu.

Ndinangoti, chabwino. Ndinayamba kutseka laputopu. A Mwale anagwira chivundikiro n'kunena kuti aiwala chinthu chimodzi, fayilo yotere imafuna kupatsidwa chilolezo choti izigwira ntchito, apo ayi imangogona. Ananditchulira mzere wina waufupi. Tinayesanso.

"Atate, mwamwa mankhwala?"

Ndinayang'ana mawuwo. Abale, pano ndi pa guwa, sindikunamizani. Sanali Malita. Ndinkadziwa kuti ndalemba ndine, ndi chala changa chomwechi. Misozi sinabwere. A Mwale ndiwo anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ine ndinalemba kuti ayi, chifukwa ndinali ndisanamwe. Inakana kusunga. Ndinadzuka, ndinatunga madzi, ndinamwa, ndinabwera kudzalemba inde.

Asanapite, a Mwale anaika fayilo yomweyo pamodzi ndi nyimbo, kuti ulendo uno izitumizidwa nazo isatsalenso. Koma anandichenjeza kuti kulikonse kumene yafika siidzuka yokha, pafunika munthu woiika m'foda yobisika ija ndi dzanja lake. Anatinso nyimbo aziwerenga ndi iwo tsopano, azikonza monga ankachitira mkazi wawo.

Patapita masiku foni inalira m'mawa, ndili kuthirira mbande za fodya wa mnansi wanga.

"Apongozi, mwamwa mankhwala?"

Ndinati mwayamba liti unesi. Anati nawonso aika huku ija m'kompyuta yawo ku Lusaka. Akakonza nyimbo n'kufuna kusunga, imawafunsa iwo. Ndipo iwo sangayankhe inde pa zimene sanazione, ndiye ntchito yawo imaima mpaka andiimbire. Ndinati nanga bwanji osangoichotsa, poti odwala ndine. Anati aisiya momwemo.

Kuyambira pamenepo amaimba. Sitinena zambiri. Amafunsa, ndimayankha, amafunsa za mvula, timadula. Masiku ambiri amapeza nditamwa kale. Ndimamwa, ndimatsuka kapu, kenako ndimakhala pakhonde foni ili pabondo.

Umboni wanga ndi womwewo. Sindinena kuti dzanzi latha. Likadalipo, koma m'mphepete mwayamba kunyerenyetsa, ndipo amene munakhalirapo mwendo mukudziwa kuti kumeneko n'kubwerera kwa magazi. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye m'munda muja. Ndikuthokoza amayi amene anandipeza, ndi anyamata a ngolo, ndi inu abusa pobwera kuchipatala. Ndikuthokoza chifukwa cha Malita, amene anadziwa atate wake. Ndikuthokoza chifukwa cha apongozi anga.

Chimwemwe ine sichinandifike chonse, ndiye ndikupemphani mundiyambire. Sangalalani inu, ine nditsatira pambuyo monga mwa mayendedwe anga a masiku ano. A kwaya, nyimbo ija munkaifunsa ndamaliza kuilemba, mawu ake ali ndi amayi otsogolera. Imbani.

Ndipo ngati wina akufuna kudziwa, lero ndamwa. Amen.