A Kingsford Nyamithambo, Mmisiri Amene Anamanga Tchalitchi Chino

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1948 kwa Mbenje, m'boma la Nsanje. Sukulu analekezera Sitandade 6. M'chaka cha 1966 anabwera kuno ku Blantyre n'kuyamba ntchito yoponda matope pa zomangamanga ku Makata, mpaka nawonso anakhala mmisiri.

Lamulungu ankapemphera ku tchalitchi chakale cha ku Mishoni. Eni ake ankavomera kuti maulaliki ena ankawadutsa, maso ali pa njerwa, kuona mmene akale anapindira makomo ngati uta.

Mu 1974 anamanga banja ndi mayi Angelina, n'kukhazikika kuno ku Chilobwe. Anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo mu 1989.

Mu 1996 mpingo unawapatsa ntchito yomanga tchalitchi tikukhalamochi. Iwo anaumirira makomo a uta, a njerwa zokhazokha, opanda chitsulo. Ambiri tinkaopa kuti adzatigwera. Tsiku lochotsa matabwa ochirikiza tonse tinaima patali. Malemu anakoka mpando, n'kukhala pansi pa khomo lalikululi, n'kuyambitsa nyimbo.

Mu 2021 anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo mwana wawo Felicia anawatengera ku Chinyonga. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche, anthu oposa mazana awiri anathawira muno. Malemu atamva anakana chakudya masiku awiri, poopa kuti makoma awo apsinja anthu. Mafoni sankagwira. Tsiku lachitatu mwana wawo Aleck anabwera wapansi kudzaona tchalitchichi, n'kubwerera ndi uthenga woti khoma lilibe mng'alu ndipo onse othawiramo ali moyo. Pamenepo malemu anati, "Felicia, kandiphikire phala."

Zaka zitatu za ululu zatha Lachiwiri lapitali, pa 14 Meyi 2024, masana, atalandira mgonero. Anapita mwakachetechete. Tikulira, koma mitima yakhala pansi poti apumula.

Asiya mayi Angelina, ana anayi, Aleck, Felicia, Chance ndi Tionge, ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi.

Banja likuthokoza abusa, akulu a mpingo, amayi a Mvano amene ankasinthana kudzathandiza kudwazika, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu.

Bambo Nyamithambo, mwagwira ntchito yanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.