Mukonze Malo, Kukubwera a Phungu

Tsiku limene a phungu ankabwera kudzamva madandaulo a anthu pasukulu ina ya kumtunda kwa Biriwiri, mayi Regina, wapampando wa komiti ya sukuluyo, analawirira kuti akaonenso kalasi ya Sitandade 3, yomwe mphepo inasasula denga chaka chatha. Koma abale inu, anapeza kalasiyo ili ndi denga, amuna awo a Goliati atakhala pakhonde, hamala ili pamwendo, akumwetulira ngati mkwati.

"Bambo a Atikonda, ichi n'chiyani?"

"Denga."

"Ndikuliona kuti ndi denga! Lachokera kuti?"

"Pashedi yathu ya kachewere. Taonani mmene lakhalira. Msomali wokhota ngakhale umodzi palibe."

Mayi Regina anagwira m'chiuno. "Anakutumani ndani?"

"Inuyo. Dzulo munati, 'Mukonze malo, kukubwera alendo.' Ndakonza."

"Ndimanena kusesa! Kusesa basi, ndi kuika mipando pansi pa mtengo!"

"Ndasesanso. Miyala yonse ndaipaka laimu, kuyambira pamsewu mpaka kuchimbudzi."

"Mayo ine! Tamverani. A phungu akuyendera sukulu zingapo lero. Yomwe aipeze ili pamavuto kwambiri ndiyo ayambe kuikonza mvula isanagwe. Mwana wanu yemwe, Atikonda, anakhosomola dzinja lonse chifukwa chonyowa m'kalasi muno. Ndiye ndiwaonetsa chiyani?"

"Muwaonetse dengali. Ndi labwino."

"Akaona labwino apita kukakhoma la ku Nsipe! Ife malatawa mawa tiwabwezera pashedi, ana n'kumanyowabe!"

A Goliati anakanda m'mutu. "Ndiye mumafuna munthu wamkulu chotere akhale padzuwa? Kwathu kuno mlendo timamuyalira mkeka watsopano, wong'ambika timabisa kuseri. Ngakhale amayi anu amatero tikapitako."

"Uyu si mlendo wodzafunsira mbeta! Tikufuna aone choonadi chokhachokha. Ine zachinyengo ayi. Anthu anandisankha kuti ndinene zinthu zitatu: sukulu, kukwera mtengo kwa zinthu, ndi akuba. Chabwino, ya sukulu mwaiwononga."

"Ndaikonza."

"Mwaiwononga poikonzapo! Bola tiyi alipo. Ndinauza amayi ophikira alendo kuti a phungu apatsidwe tiyi wopanda shuga, yemwe tonse tikumwa masiku ano. Alawe okha, lilime liwauze."

"Aaa, zimenezo musade nazo nkhawa. Ndakonza."

Mayi Regina anatsinzina. "Mwatani?"

"Ndinayenda khomo ndi khomo ndi kambale. Uyu kasupuni, uyu kasupuni. Shuga wakwana, mpaka supuni ikuima yokha m'kapu. Tambala uja ndamuphanso."

"Tambala wanga?"

"Anali atakalamba kale, mayi. Amalira dzuwa litatuluka. Ana nawonso ndawauza kuti aliyense abwere atavala nsapato. Wopanda nsapato abwereke. Wolephera kubwereka aime kumbuyo, mapazi abise mu udzu."

"Ndiye ine ndiime pamaso pa olemekezeka, iwo akutafuna ntchafu ya nkhuku, tiyi akutsekemera mpaka m'makutu, ana ali gwa gwa gwa m'nsapato, ine ndiziti, 'Bwana, tikuvutika'?"

"Mudikire ameze kaye."

"Ambuye ndigwireni!" Mayi Regina anazungulira kamodzi pabwalopo, akudzikupiza ndi nsonga ya chitenje. "Chatsala ndi khola la a Aida. Lija lili m'mbali mwa msewu, akuba anakokolola mbuzi zonse mwezi watha. Galimoto ikaima pamenepo, a Aida alire, a phungu aone khola lili pululu. Apo pokha sangakane."

A Goliati anayang'ana kumapiri, nayamba kupukuta hamala ndi malaya.

"Bambo a Atikonda. Ndiyang'aneni."

"Khola lopanda kanthu pamsewu limanyozetsa mudzi, mayi."

"Mwaikamo chiyani?"

"Mbuzi za achimwene a Aleck. Ndangobwereka za lero lokha. Zonenepa bwino, zina zili ndi bere."

Cha kumsewu kunamveka mbuzi ikulira mokhuta, ngati ikuikira umboni.

"Nanga a Aida akuti chiyani?"

"Asangalala koopsa. Akuti misozi yakana kubwera. Panopa akuzimwetsa madzi."

Mayi Regina anakhala pamwala, nadzambatuka msanga, chitenje chitayera mbuu ndi laimu. Apa mtima unawawira zenizeni. Analoza kumwamba.

"Kwerani."

"Kuti?"

"Padenga! Zulani malata onse, kalasi ibwerere mmene inalili."

"Ndizule denga labwinobwino? Thukuta langa lonse lija?"

"Zulani! Ine sindinamiza munthu. A phungu aone zenizeni, osati za sewero zanuzi."

"Miyala nayonso ndiichotse laimu?"

"Denga kaye!"

"Nanga tambala? Ameneyo kumubwezera mmene analili sinditha."

"Kwerani ndisanakuchiteni zomwe mwamuchita tambalayo!"

A Goliati ndi munthu womvera, zimenezo tisawanamizire. Anakwera makwerero akung'ung'udza, nayamba kuzula. Khwee! Lata loyamba pansi. Khwee! Lachiwiri.

"Mayi a Atikonda, misomaliyi ndiziwongola kapena ndizingotaya?"

"Zulani msanga, nthawi yatha!"

"Ndikufunsa chifukwa misomali yakwera mtengo. Mukaiikenso pa madandaulo anu aja."

Ali pa lata lachitatu, kumsewu kunabuka fumbi. A phungu anali atafulumira, ndipo anabwera ndi apolisi awiri oti adzayankhe nkhani za chitetezo. Galimoto isanaime n'komwe, apolisiwo anali atatsika kale, akuloza padenga ndi kukuwa kuti wakubayo atsike.

"Mayi a Atikonda! Akuloza ine!"

Mayi Regina anatembenukira kugalimoto.

"Auzeni kuti ndine amuna anu! Auzeni kuti malatawa ndi a pashedi yathu!"

Koma mayi Regina maso anali pa a phungu. Olemekezekawo anali ataima pachitseko cha galimoto, dzanja lili pakamwa, akuyang'ana kalasi yosasuka ndi munthu ali pamwamba pake ndi hamala, dzuwa likuswa mtengo. Ankapukusa mutu ndi chisoni chenicheni. Madandaulo awiri mwa atatu aja anali ataima pamalo amodzi, popanda mayi Regina kutsegula pakamwa.

"Mayi a Atikonda, mwangoti zii bwanji? Si inu mumati choonadi chokhachokha?"

Mayi Regina anakonza duku, nasasa laimu pachitenje.

"Apolisi afika pa makwerero! Ndiuzeni chochita, ine ndimachita zomwe mwanena. Ndipitirize kuzula, nditsike, kapena nditani?"

Mayi Regina anapinda maondo mwaulemu cha kwa alendo, nkhope ili yachisoni, nayankha chapansipansi, milomo osagwedera.

"Thawani, bambo a Atikonda. Dumphirani kuseri, mulowere m'munda wa kachewere. Koma musenze lata limodzi, kuti zioneke zenizeni."