Njinga Yamoto Yopanda Chishalo

Pamzere wogula petulo, bambo wina wovala ovolosi anayang'anitsitsa njinga yamoto imene mnyamata wa patsogolo pake ankakankha, kenako anamufunsa.

"Achimwene, njinga iyi ndi mtundu wanji?"

"Kaya, bambo. Dzina linafufutika pathanki. Wondigulitsa anati ndi ya ku Japani, yangofika kumene."

"Anakunamizani. Iyi ndi ya ku Sipeini, yokwerera miyala pampikisano. N'chifukwa chake ilibe chishalo, amayendetsa choimirira."

"Ine ndimayesa chishalo chinabedwa."

"Nambala ya pafelemu munaiona?"

"Pamenepo ndi popalika. Akuti ndi dzimbiri."

"Dzimbiri losankha panambala pokha? Taipendeketsani, ndione chopondera cha kumanzere."

"Bambo, isiyeni njinga yanga! Ndinachita kugula, si ine wakuba."

"Sindinati ndinu wakuba. Koma chopondera ichi ndi sipanala yothyoka. Ndinawotcherera ndine, ndi manja angawa."

"Ndiye kuti ndi yanu?"

"Ndi ya mng'ono wanga. Tiyeni mukandionetse amene anakugulitsaniyo."

"Bwanji osangomuitana mng'ono wanuyo adzaizindikire yekha?"

"Ananyamuka nayo m'mawa wina chaka chatha. Njinga ndi iyi yapezeka. Iyeyo mpaka pano tikumufunafunabe."